Mmene Ndinawamwera Mankhwala Apongozi Anga ndi Chala Chimodzi

Tsiku limene anthu ophunzira adzakhale pansi kuti alembe mbiri ya zaumoyo m'boma la Chadiza, adzayenera kundisungira tsamba lathunthu, ndi kamalo ka chithunzi pamwamba. Ndine munthu woyamba kuno kwathu, mbali ya Pembamoyo, kuyenda ndi chipatala m'thumba la buluku. Odwala anga sankafola pamzere, sankagwedezeka m'ngolo, ndipo kwa miyezi iwiri yathunthu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaphonya mankhwala. Zinalembedwa zimenezi. Makina a kuchipatala ndiwo mboni yanga.

Kunena mwachilungamo, wodwalayo anali mmodzi. Anali apongozi anga, amayi a akazi anga. Ndipo mankhwalawo sankamwa.

Ndiyambe ndi maphunziro anga, poti ndiwo anandipezetsa udindowu. Ndinapita ku koleji ya zauphunzitsi ku Chipata, ndipo ndinakhalako matemu awiri. Pofika temu yachitatu, koleji ndi ine tinagwirizana mwamtendere kuti aliyense ayende njira yake. Iwo anatsala ndi nyumba zawo ndi mabuku, ine ndinatsala ndi jekete, mawu angapo aatali a Chingerezi, ndi foni yosweka galasi pakona. Ndi chuma chimenechi ndinakwatira, n'kupita kukakhala kwawo kwa mkazi monga mkamwini. Anandilozera malo omangapo nyumba kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi khola la mbuzi, kumene amaika munthu amene akumuonabe kaye. Pamudzi amanditchula kuti aphunzitsi. Ndimayankha, ngakhale ndimamva kuti ena potchulapo amameza kaseko.

Apongozi anga ndi mayi wa mwambo. Zaka zitatu ndinali nditakhala pamudzi pawo, koma nkhope yawo ndinkangoidziwa cham'mbali. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kumanja n'kugwada, ine kumanzere n'kunjuta, moni n'kumapatsana aliyense akuyang'ana tchire lake. Tsiku lina ndinapatukira m'chitedze, ndipo ndinamaliza moni wonse, mpaka kufunsa za kumunda, ndisanayambe kudzikanda. Nkhani zina zonse pakati pathu zinkadutsa mwa akazi anga. Pabwalo pathu panalibenso wina: apongozi aamuna anamwalira kale, alamu anga ali m'matauni, mwana wathu anali akadali kubere.

Matenda a apongozi ndi aja a kuthamanga kwa magazi, amene tonse timangoti bipi. Kwa iwo si matenda ongowamva. Akulu awo anagwa akusinja, dzanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapindikira mbali imodzi, ndipo anagona pamphasa zaka zitatu. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa phala anali apongozi anga omwewa. Choncho imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa mphasa. Ankauza mwana wawo kuti Mulungu akafuna kuwatenga awatenge onse athunthu, osati theka lero theka chaka chamawa.

Atawapeza ndi bipi kukachipatala ka kwathu, anesi anawauza kuti kwabwera njira yatsopano. Wodwala amalembetsa nambala ya foni, ndipo m'mawa uliwonse kumabwera meseji yofunsa ngati wamwa mankhwala. Ngati wamwa amadina wani, ngati sanamwe amadina thuu, ndipo kuchipatalako amaona. Apongozi analibe foni. Ya akazi anga inali itamira m'ndowa mwezi wapitawo. Akazi anga anapereka nambala yanga osandifunsa, ndipo pobwera anangondiuza kuti ndapeza ntchito ya boma yopanda malipiro.

Si ife tokha amene tinalembetsa, ndipo anthu anazilandira mosiyanasiyana. Bambo wina wa kuseri kwa dambo anati akazi ake amamufunsa kale mafunso okwanira, sangawonjezere wina wofunsa wokhala m'thumba, choncho foni yake ankaizimitsa mpaka dzuwa litakwera. Mayi wina sankafufuta ngakhale meseji imodzi, ankati ndi umboni woti boma limadziwa kuti alipo. Ambiri ankaopa kwa wotchaja mafoni pa sola, chifukwa foni ikalira ili patebulo pake amasuzumira, ndipo anthu akamva kuti wakuti amalandira mauthenga a kuchipatala, pokuganizira matenda sasankha aang'ono. Ena ankakondwa Lolemba n'kudandaula Lachiwiri, malinga ndi mmene adzukira.

Apongozi anga anali mbali zonse ziwiri tsiku limodzi lomwelo. M'mawa ankafunsa mwana wawo kuti kanthu kopanda maso kamadziwa bwanji kuti kwacha, ndiponso kuti ndi ulemu wanji kuti dzina lawo lizigona m'thumba la buluku la mkamwini. Masana kuchitsime ankauza anzawo kuti iwo boma limawadzutsa moni tambala asanatsike.

Ntchito inkayenda motere. Netiweki pamudzi pathu imapezeka malo amodzi okha odalirika, pakona ya khonde langa, foni ikakhala pamwamba pa ndowa yovundikira. Cha m'ma seveni meseji inkalowa. Ine ndinkaiwerenga mokweza, ndi mawu a munthu amene anaphunzirako kaimidwe ka patsogolo pa kalasi. Akazi anga ankadutsa bwalo kukafunsa amayi awo, n'kubwera ndi yankho lakuti amwa. Ine ndinkadina wani. Foni inkayankha kuti zikomo, pitirizani. Akazi anga ankadutsanso bwalo kukapereka zikomoyo, chifukwa apongozi anati zikomo ndi yawo, isamathere pakhonde pa eni foni. Miyezi ingapo inatha chonchi, ndipo ndimaona kuti panalibe chipatala china m'dziko muno choyenda bwino ngati chimenechi.

Kenaka m'dzinja munachitika zinthu zitatu sabata imodzi. Mvula inagwetsa chimbudzi cha apongozi. Anesi anawawonjezera kapilisi kena kakang'ono pamwamba pa mapilisi akale. Ndipo akulu awo a akazi anga anabereka mapasa mwa opaleshoni ku Chipata, moti akazi anga anabereka mwana kumbuyo n'kukwera minibasi kukawasamalira. Ankati akakhalako masabata awiri. Amene anaonapo mapasa akudziwa kuti masabata awiri amenewo amatalika bwanji.

Kukumba chimbudzi cha apongozi ndi ntchito ya mkamwini, ndipo sindinakane. Ndinatumiza mawu, akazi anga asananyamuke, akuti ndidzakumba nthaka ikauma. Ndinajambula pulani papepala, ya miyeso yake, ndi kamuvi kosonyeza kumene mphepo imachokera. Podikira kuti nthaka iume, pabwalo panatsala chimbudzi chimodzi, changa, chimene chili kuseri kwa nyumba yanga. Njira yopita kumeneko imadutsa mapazi atatu kuchokera pakona ya khonde. Pakona pomwe paja pa netiweki, pamene ndinkakhala m'mawa wonse ndikutumikira dziko.

M'mawa woyamba akazi anga kulibe, meseji inalowa nthawi yake. Ndinaiwerenga mokweza mwachizolowezi, ndipo anandimva ndi mbuzi. Ndinavala jekete. Ndinayenda mpaka pakati pa bwalo. Apongozi anali akusesa, ndipo atandiona akubwera anasiya tsache n'kulowa m'khitchini. Ndinaima pafupi ndi nkhokwe, n'kutsokomola, n'kuifunsa nkhokweyo kuti kaya kunyumba kuno kwadzukidwa bwanji. M'khitchini munatuluka mawu akuti kwadzukidwa, kaya kumeneko. Ndinati nakonso kwadzukidwa.

Pamenepo ndinaima. Mkamwini amafunsa bwanji apongozi ake zimene aika m'kamwa? Ndinayesa kukonza funsolo m'mutu mwanga m'njira zinayi, ndipo zonse zinkamveka ngati za munthu amene sanalangidwe. Kutuma mnansi sindikanatha, poti apongozi ananeneratu kuti matenda awo asamayende m'makomo mwa anthu. Ndinathokoza nkhokwe n'kubwerera.

Nditakhala pansi ndinaganiza mwa ukatswiri. Munthu amene wadzuka bwino, n'kusesa bwalo lonse, ndiye kuti thupi lili m'malo mwake. Thupi likakhala m'malo mwake ndiye kuti mankhwala alowa. Ndinadina wani. Foni inati zikomo, pitirizani. Chichokereni ku koleji panalibe ofesi ina iliyonse imene inandiuzapo kuti ndipitirize chinthu, ndipo mawuwo anandikhudza. Ndinapitiriza.

Tsiku lachiwiri sindinavale jekete. Pofika sabata yachitatu ndinkadina wani ndikusukusula.

Ndisaoneke ngati munthu wosafufuza. Umboni ndinkasonkhanitsa. Sabata yoyamba ija ndinaona kuti apongozi akudutsa panjira ya kuseri kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi, dzuwa lisanafike pamutu. Ine monga mkamwini woleredwa bwino, akamadutsa ndinkaimirira, kuvula chipewa, kutembenukira kukhoma n'kuwomba m'manja pang'ono. Akamabwerera ndinkateronso. Sindinaphonyepo. Nthawi zina ndinkawonjezera mawu akuti zikomo amayi, kuti adziwe kuti ndawaona. Itatha sabata imeneyo anasiya kudutsadutsa, n'kumangopita kamodzi m'bandakucha ine ndisanatuluke. Ndinalemba m'mutu mwanga kuti wodwala akupeza bwino.

Panali zizindikiro zina, ndipo ndinaziona zonse. Duku anayamba kumanga mothina, n'kukulunganso kansalu kena pamphumi. Kumunda wa nshawa ankaweruka msanga. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa mango atagwira m'mutu, osasoka, osatongola kanthu. Ndinaganiza kuti asowa mdzukulu. Akazi anga akaimba pa foni ya akulu awo ndinkawauza kuti zonse zili bwino, wani tsiku ndi tsiku. Anandifunsa ngati ndikumawafunsadi amayi. Ndinayankha kuti njira zofufuzira zilipo zambiri, ndipo zina ndi zovuta kufotokozera munthu pafoni.

Miyezi iwiri itatha kunabwera sikelo ya ana kusukulu ya kwathu. Anesi amabwera panjinga yamoto, amakoleka sikelo pamtengo, ndipo akamaliza ana amayeza akuluakulu a bipi. Ulendo umenewo anatumiza mawu akuti apongozi anga abwere, ndi wosunga foni abwerenso. Ndinasita jekete. Ndinkaganiza kuti mwina pali satifiketi, ndipo ndinali nditasankha kale khoma lopachikapo.

Anesiwo ndi mayi wamfupi wojintcha, woleredwa m'tauni, wa magalasi olendewera pachingwe. Anaimirira pamaso pa amayi onse n'kunena kuti lero akufuna awaonetse chitsanzo. Anati pa anthu onse olembetsa mafoni, pali mayi mmodzi amene sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, mvula kaya dzuwa. Anaitana apongozi anga. Amayi anaimba nthungululu. Ine ndinali chapatali kuseri kwa mtengo wina, monga mwa malamulo, ndipo ndinaweramitsa mutu modzichepetsa. Apongozi anapita kukakhala pampando akuyang'ana pansi. Ndinaganiza kuti nawonso ndi kudzichepetsa.

Anesi anawakulunga lamba pamkono n'kudina makina. Makina anafufuma, anapuma, n'kutulutsa nambala. Ikanakhala mtengo wa thumba la nshawa, mudzi wonse ukanavina. Anesi anavala magalasi. Anayeza mkono winawo. Anagwedeza makinawo, anasintha mabatire, anayezanso. Kenaka anasiya kumwetulira, anauza amayi ena kuti adikire, anawagwira dzanja apongozi n'kupita nawo kuseri kwa kalasi. Ali m'njira anandikodola ndi chala chimodzi osandiyang'ana.

Kuseriko tinakhala monga zimayenera kukhalira. Apongozi anakhala pansi kuyang'ana khoma. Ine ndinanjuta mapazi khumi chapatali kuyang'ana bwalo la mpira. Anesi anakhala panjerwa pakati pathu, mutu n'kumatembenuza uku ndi uku. Anapempha kuti aone mapilisi. Ndinamva apongozi akumasula mfundo ya pakona ya chitenje, kenaka ndinamva kapulasitiki kakulira. Kulira kwake kunali kwa kapulasitiki kodzaza.

“Nanga amene wakhala akuyankha wani masiku onsewa ndani?”

Ndinakweza dzanja, monga tinkachitira ku koleji.

“Mumawafunsa?”

“Ndi apongozi anga, asisita.”

“Sindinafunse chibale, abambo. Mumawafunsa?”

Ndinafotokoza kuti funsolo ndinalipititsa mpaka pankhokwe, ndipo kuchokera pamenepo ndinagwiritsa ntchito nzeru. Anesi anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Maso awowo ndinawamva m'khosi, poti maso anga anali kugolo kubwalo la mpira kuja. Kenaka anatembenukira kwa apongozi n'kuwafunsa mofatsa chimene anasiyira.

Apongozi anayankha motsitsa mawu, akulankhula ndi anesi okha, koma khoma la kalasi linabweza zonse.

“Mwanangu, kapilisi kakang'ono kaja kamatuma munthu kuseri kasanu dzuwa lisanafike apa. Kuseriko njira yake ndi ya pakhonde pa eni foni. Eni foniwo ndi aulemu. Ukamapita aimirira, ukamabwera aimirira. Munthu wamkulu ngati ine, ndizichita kuwerengedwa?”

Sindinawerengepo mokweza, koma ndinaona kuti si nthawi yodziteteza.

Apongozi anapitiriza kuti poyamba anangosiya kakang'onoko. Koma chichokereni mwana wawo panalibe amene anabwera kudzawafunsa, ndipo zikomo uja anasiya kufika. Anadikira sabata, anadikira ziwiri. Anaona kuti basi boma lawafufuta m'buku, mwina laona kuti ndi okalamba, likusunga mafunso ake kuti lizifunsa ana. Ndiye anati ngati eni mankhwala atopa, iwo alimbikire chiyani. Anasiya onse. Anati chinthucho ankadana nacho chikamawafunsa, koma chitasiya kuwafunsa ndiye chinawapweteka kwambiri.

Anesi anavula magalasi n'kuwasiya alendewere. Mapewa awo anagwedezeka pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Atalankhula, mawu awo analibe nthabwala. Anati ndi nambala imene yatuluka lero, ena safika kunyumba ali ndi manja onse awiri. Anati akudziwa za akulu awo a apongozi, zinalembedwa pakhadi.

“Inu mumawapatsa ulemu, iwo amakupatsani ulemu. Ulemu wanu nonse awiri unatsala pang'ono kuwagoneka pamphasa.”

Pamenepo ndinasiya kuyang'ana golo n'kuyang'ana pansi. Ndinaona mphasa ija bwinobwino, ndi akazi anga akutembenuza amayi awo zaka zitatu, ndi ine ndili pakhonde ndi foni yodzaza ndi zikomo.

Anesi anawamwetsa apongozi pilisi pomwepo, anawagoneka pabenchi mu ofesi ya sukulu, anawayezanso kawiri dzuwa lisanapendeke, ndipo anawauza kuti abwere kuchipatala pakatha masiku atatu. Kenaka anagamula mlandu. Ine chimbudzi chithe pasanathe sabata. Foni aziyankha ndi mwini matenda, ndi chala chake. Ndinayesa kutchula nkhani ya nthaka kuti sinaumebe bwinobwino. Anandifunsa ngati ndikufuna abwere adzaiyeze ndi makina omwewo.

M'mawa mwake ndinatenga khasu ndi fosholo yobwereka, ndipo apa ndiyenera kuvomereza kuti chigamulocho chinali cha nzeru kuposa pulani yanga. Dzenje ndinkakumba kuseri kwa nyumba ya apongozi, kumbali ina ya bwalo. Ine ndikakhala m'dzenje, pakhonde panga panalibe woimirira. Njira inatseguka. Kaya inadutsidwa kangati sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa.

Manja a matemu awiri anatuluka matuza tsiku loyamba, matuzawo anaphulika lachiwiri. Amuna odutsa ankaima m'mphepete mwa dzenje n'kumandipatsa malangizo. Wina anati ndikukumba ngati ndikufufuza ndalama yotayika. Wina anafunsa ngati ku koleji sitinafike pa phunziro la fosholo, kapena linali la temu yachitatu. Pulani ija ndinaiyala pambali n'kuitsindika ndi mwala, ndipo mbuzi inadya mbali ya kamuvi. Mitengo yoyala pamwamba ndinakadula ndekha kuphiri. Udzu ndinasasula pankhokwe yakale. Chitseko ndinapanga ndi lata limene linkatchinga khola, n'kulimangirira ndi timalamba ta tayala. Misomali yokha ndiyo ndinakagula pakantemba, kagolosale ka pamudzi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi chimbudzicho chinaima, chopendekera pang'ono kum'mawa ngati chikumvetsera china chake. Mwambo wotsegulira sunachitike, kapena unachitika ine ndisakudziwa.

Za foni tinakonza motere, ndipo anatithandiza kukonza ndi anesi omwewo. Meseji ikalowa ndimanyamula foni, n'kukaiika pamwamba pa mtondo wovundikira pakati pa bwalo, n'kutsokomola, n'kupita kukaona mbuzi. Apongozi amatuluka n'kudina. Ine ndimabwera kudzaitenga n'kuibweza pakona ya khonde kuti yankho lipite. Zikomo akabwera ndimabwerera nayo pamtondo kuti amuone ndi maso awo. Kuwerenga sadziwa, koma manambala amawadziwa: amati wani ndi kamtengo, thuu ndi bakha. Chovuta chinali chakuti chala chawo chachikulu chinauma ndi khasu moti galasi la foni silichimva. Anayesa zala zonse n'kupeza kuti kachala kakang'ono ka kumanzere ndiko kamamveka. Mpaka lero amadina ndi kameneko, atakapukuta kaye pachitenje.

Akazi anga anabwera patatha milungu iwiri chichitikireni zimenezi. Nkhani anaimva asanafike pakhomo, kuchokera kwa amayi a kuchitsime, ndipo inali itakula kale: akuti ndinkadina wani ngakhale Lamulungu kawiri. Anapita kaye kwa amayi awo, anakhalako nthawi yaitali, anatuluka maso ali ofiira. Atafika kunyumba anatsitsa mwana, anandiyang'ana manja, n'kunena kuti, “Abambo ake a mwana, matemu awiri onse aja, funso limodzi lokha kukukanikani?” Ndinati funsolo silinali pa silabasi. Anaseka, kenaka anasiya, kenaka anandipaka mafuta m'manja mosasamala kwenikweni za ululu.

Ankafuna kuyambiranso ntchito yawo yodutsa bwalo, koma amayi awo anakana. Anati matenda ndi awo, chala ndi chawo, ndipo aona kale zimene zimachitika nkhani ikamadutsa m'manja ambiri.

Si kuti apongozi anayamba kuikonda foniyo. Tsiku lina kunachitika maliro kutali, mbali ya Zingalume, ulendo wapansi wa m'mawa wonse. Ndikukatenga foni pamtondo ndinapeza bakha. Ndinaima naye m'manja. Mbiri ya chipatala changa inali isanadetsedwepo ndi thuu, ndipo chala changa chinkadziwa njira yokonzera zimenezo. Ndinakaiika pandowa n'kutumiza momwemo.

Mawa lake masana anesi anaimba. Ndinathamanga nayo foni, ndipo mwamwayi mawu ankamvekako pamtondo, modukaduka. Apongozi anagwada patsogolo pake osaigwira, n'kuyamba kuikalipira mwaulemu. Anafunsa ngati masiku ano munthu sangapite kumaliro osatsanzika boma. Anafunsa ngati anesi anayendapo ulendo wa ku Zingalume pakati pa azibambo atamwa kapilisi kakang'ono kaja. Anesi anaseka, n'kuwauza kuti tsiku la ulendo asamasiye onse: aakuluwo azimwa m'mawa monga mwa nthawi zonse, kakang'onoko azimwa akafika. Apongozi anati zimenezo akananena kale. Madzulo ake kuchitsime aliyense anamva kuti iwo anesi amawaimbira okha pafoni, kuwatchula dzina.

Mwezi wotsatira mphepo inawononga china chake kumtunda, netiweki inasowa masiku atatu. Tsiku loyamba apongozi anati bola, apumeko. Lachiwiri anasesa mozungulira mtondo kawiri. Lachitatu anaima pafupi ndi khola n'kufunsa mbuzi ngati kanthu kaja kadwala. Ndinayankha kudzera mwa mbuzi zomwezo kuti kali bwino, ndi njira yake chabe yatsekeka. Anauza mbuzi kuti iwo amwa masiku onse atatu, zikalembedwe.

Kusikelo yotsatira anesi anawayeza kamodzi kokha. Sanagwedeze makina, sanasinthe mabatire. Analemba pakhadi n'kuitana wotsatira. Duku linabwerera pa kamangidwe kake ka kale, ndipo nshawa za chaka chimenecho anakumba okha mpaka mzere womaliza, ndi manja onse awiri.

Nkhope yawo ndimaidziwabe cham'mbali. Tikakumana panjira timapatukabe, koma masiku ano ndimayang'ana kaye tchire lopatukiramo. Chimene chinasintha n'chakuti pabwalo pali mkhalapakati watsopano. M'mawa wina ndikuchokera kukhola ndinawamva akulankhula ndi foni pamtondo. Ankaiuza kuti ikawauze eni ake kuti chitseko cha kuseri chija chikulira usana ndi m'mawa, mudzi wonse ukumadziwa. Pambali pa foniyo anasiyapo kambale ka nshawa zokazinga, zothira mchere. Ndinadya nshawazo ndi ulemu wonse, kenaka ndinapita kukathira mafuta pa timalamba ta tayala.

Choncho olemba mbiri aja akadzafika, tsamba langa lilipo ndithu, kungoti chithunzi adzajambule manja. Akadzafunsa kuti kusintha konseku kwa zaumoyo kunadya ndalama zingati, adzalembe kuti teni kwacha, ya misomali. Itatu inapindika, iwiri inatsala, ndipo ili m'thumba la jekete.